Kumene ophunzira a ukachenjede angapeze thandizo la ndalama

M'maparishi a m'boma la Ntcheu, monga Nzama, Nsipe, Kandeu ndi Tsangano, chaka ndi chaka mumapezeka ana amene asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede koma makolo awo alibe poyambira. Mbatata ndi kabichi za munda umodzi sizikwanira kulipirira fizi, malo ogona ndi chakudya kwa zaka zinayi. Makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndiwo amayamba kumva madandaulo otere, choncho n'koyenera kuti adziwe makomo ogogoda.

Khomo loyamba ndi bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 2015. Bungweli limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, kaya ali ku sukulu za boma monga UNIMA ku Zomba, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ku Thyolo ndi Mzuzu University, kaya ku sukulu zimene si zaboma. Chofunika n'chakuti sukuluyo ndi maphunzirowo zikhale zovomerezedwa ndi National Council for Higher Education. Kholo lifunse za chivomerezochi lisanagulitse mbuzi. Catholic University of Malawi, imene maepiskopi athu adaitsegula ku Nguludi mu 2006, ili m'gulu la sukulu zimene si zaboma.

Pano timveketse bwino, pakuti ambiri amasokoneza: iyi ndi ngongole, si mphatso. Wophunzira akamaliza maphunziro ayenera kubweza, ndipo ndalama zobwezedwazo ndizo zimathandiza achimwene ndi achemwali ake obwera m'mbuyo. Pempho limatumizidwa kudzera pa intaneti m'nyengo imene bungwelo lalengeza. Mwana wa kumudzi kumene netiweki imavuta apite msanga pa boma kapena pa Tsangano Turn-off, osadikira tsiku lomaliza. Akhale ndi chiphaso cha unzika, kalata yomuitana ku sukulu, ndi umboni wa umphawi wake. Ngati ndi wamasiye, zikalata za imfa ya makolo zisungidwe bwino.

Atsikana ali ndi mwayi winanso ku Soko Fund, bungwe la ku Scotland limene limalipirira amayi ophunzira m'mayunivesite a m'Malawi.

Kwa amene adatenga kale digiri yoyamba, thandizo lambiri limachokera kunja, ndipo silibwezedwa. Chevening, ya boma la Britain, imalipira zonse za digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri ndiponso wolonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Beit Trust imasankha anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, kotero opikisana nawo ndi ocheperako. Palinso Commonwealth Scholarships, DAAD ya ku Germany, ndi Rhodes ya ku Oxford, imene imalandira achinyamata okhoza koposa.

Onsewa amafuna makalata aumboni, makamaka ochokera kwa aphunzitsi a ku yunivesite ndi kwa owalemba ntchito. Kalata ya bambo mfumu imathandiza pochitira umboni ntchito zodzipereka, koma itchule zimene munthuyo adachitadi, osati kungoti ndi mkhristu wabwino. Ndipo uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza malo kunja mukatumiza ndalama pa foni, umenewo ndi wa akathyali: Chevening salipiritsa munthu potumiza pempho.