Mseu Umene Unabweretsa Makolo Athu

Acinyamata okondedwa a ku Chainda, tsiku ndi tsiku mumaona mabasi a ku Chipata alikudutsa pa Great East Road. Kodi mudziwa kuti ambiri a makolo athu anafika muno mu Lusaka kudzera njira yomweyi? Tiyeni tiitsate kucokera kum'mawa kunka kumadzulo, ulendo wa makilomita oposa 550.

Tiyambire pa Magwero, kufupi ndi Chipata. Pamenepa amishoni a Dutch Reformed Church anamanga misasa yao m'caka ca 1899, patangopita caka cimodzi Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi Angerezi. Masiku amenewo Chipata anali kuchedwa Fort Jameson. Kucokera pa Magwero nchito inasendera kumadzulo pang'onopang'ono: Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, Hofmeyr mu 1914. Pa mishoni iriyonse panali chalichi ndi sukulu, ndipo ana amene anaphunzira kuwerenga pamenepo ndiwo anadzakhala aphunzitsi ndi alaliki. Mmodzi wa anthu a mpingo umenewu, Justo Mwale, anadzozedwa ubusa mu 1929.

Tikapitirira tifika pa Katete, pamene Aanglikani anatsegula cipatala ca St Francis mu 1948. Kufupi ndi Petauke pali Minga, mishoni ya Akatolika. Kenaka Nyimba, kumene apaulendo amagula nthoci, ndi Kacholola, pamene mseu uyamba kukhotakhota m'mapiri potsikira ku Luangwa.

Cigwa ca Luangwa ndico cinali cobvuta koposa. M'maiko ena apaulendo akale anali kuyenda pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, koma kuno kashembe anali kupha ng'ombe. Cifukwa cace anthu anayenda pansi masabata angapo, katundu ali pamutu, naoloka mtsinje pa bwato pakati pa ng'ona ndi mvuu. Ulalo woyamba unamangidwa mu 1932, ndipo waukulu wa zingwe zacitsulo unatsegulidwa mu 1968. Tsidya lino ndi Rufunsa, kenaka Chongwe m'dziko la Asoli, ndipo pomaliza Lusaka, amene anakhala likulu la dziko mu 1935.

Anthu a kum'mawa anadza kudzafuna nchito, koma sanabwere manja okha. Ananyamula cinenero cao, Buku Lopatulika ndi nyimbo zao. Cinyanja cimene mulankhula pa msika cinadzera mu mseu uwu. Ngakhale sukulu ya abusa inacoka ku Madzimoyo kubwera ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970, ndipo imadziwika ndi dzina la Justo Mwale.

M'buku la Yoswa mutu 4 timawerenga kuti Aisrayeli ataoloka Yordano anaimika miyala khumi ndi iwiri, kuti ana ao akadzafunsa tanthauzo lace, akulu adzawauze zimene Mulungu anacita. Malo tawachulawa ndiyo miyala yathu. Koma mwala sulankhula pokhapokha mwana atafunsa, ndipo akulu amene angayankhe alikutha mmodzimmodzi.

Tsono nayi nchito ya gulu lanu mwezi uno. Pitani awiriawiri kwa agogo a mumpingo mwanu. Afunseni mwaulemu mudzi umene anacokera, caka cimene anafika, kumene anagona panjira, ndi amene anawalandira muno m'tauni. Lembani zonse m'kope, ndipo mukaziwerenge pamsonkhano wanu wotsatira.