Chifuwa chachikulu si kukhosomola mokweza

Ku Mzuzu, munthu akakhosomola mogunda m'chisanu cha Juni, ena amanong'onezana kuti ali ndi chifuwa chachikulu. Afulumira. Liwu loti chifuwa limatanthauza pamtima komanso nthenda iliyonse yokhosomola, koma likaphatikana ndi "chachikulu" limanena nthenda imodzi yokha: TB, chidule cha tuberculosis, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kachotupa. Kachilombo kake anakatulukira Robert Koch mu 1882.

Sikadzera m'mbale kapena m'kapu ayi. Kamayenda mumpweya wodwala akakhosomola, ndiye muminibasi ya ku Luwinga yotseka mazenera onse poopa kuzizira kamafala mosavuta. Kutsegula zenera kumathandiza.

Wokhosomola milungu iwiri, akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse makhololo ku Mzuzu Central Hospital. Mankhwala ake ndi aulere, amamwa miyezi 6.