Mwinoghe: Mbiri ya Gule Wopanda Nyimbo wa ku Chitipa

Boma la Chitipa, lomwe m'nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili kunsonga ya kumpoto kwa Malawi kumene dziko lino lachita malire ndi Tanzania komanso Zambia, ndipo anthu ake amayankhula Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chitumbuka ndi ziyankhulo zina. Ngakhale zili choncho, gule amene watchukitsa bomali, yemwe ndi mwinoghe, alibe nyimbo ya pakamwa ngakhale imodzi, moti chimene chimaunjikitsa anthu pabwalo ndi ng'oma zitatu, wenzulo ndi matupi a ovina basi.

Mwinoghe, dzina lomwe m'Chisukwa limatanthauza kuti tisangalale, amavinidwa ndi Asukwa a m'mapiri a Misuku, Andali ndi Abandya, ndipo poyerekeza ndi magule ena si wakale kwenikweni. Anachokera ku indingala, gule wa ng'oma wa pa miyambo ya Angonde a ku Karonga, amene anthu a kumapiri anamutenga n'kumupeputsa kuti akhale wachisangalalo. Kubwerekana kotereku sikudabwitsa, pakuti Karonga ndi Chitipa akhala akuyenderana kuyambira kale, ndipo m'zaka za m'ma 1880 njira ya pakati pawo inakuzidwa kukhala msewu wa Stevenson, womwe cholinga chake chinali kulumikiza nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Amishoni a Livingstonia anatsegula malo awo kwa Mwiniwanda m'mbali mwa msewuwo, ndipo likulu lawo litasamukira ku Khondowe mu 1894, aphunzitsi ochokera kumeneko anafalitsa nyimbo za m'buku zoimbidwa ndi sol-fa, yomwe ndi njira yophunzirira nyimbo potchula do, re, mi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha kunafalanso mapenenga, gule wa amuna wotsanzira perete wa asilikali. Motero mwinoghe anakulira pakati pa kwaya ya kutchalitchi, imene mphamvu yake ili m'mawu, ndi gule wa perete, amene ulemerero wake uli m'mayunifomu oyera, koma iye anadalira manja a oimba ng'oma.

Pabwalo ovina amandanda m'mizere iwiri yoyang'anizana, amuna mbali ina akazi mbali ina, kawirikawiri opanda nsapato, akaziwo atamanga zitenje m'chiuno. Ng'oma yaikulu imatchedwa ing'ina, kutanthauza mayi, pamene ziwiri zazing'onozo ndi twana, kapena kuti tiana, ndipo ntchito zake n'zosiyana, chifukwa zazing'onozo zimasunga mayendedwe osasintha pamene yaikuluyo imakhala ngati ikuyankhula ndi miyendo ya ovina. Gule asanayambe oimba amawamba ng'oma pa moto wa udzu kuti chikumba chikungike, akumaigogoda ndi chala mpaka italira bwino. Wenzulo wa mtsogoleri akalira mizere ija imasendezana, ovina akupotokola thupi ndi kusinthasintha mapazi, kenaka amanyonyomala, kuomba m'manja ndi kubwerera m'mbuyo osakhudzana. Kuyandikizana kwa mwamuna ndi mkazi kosafika pogwiranaku, komwe kumachitika makolo ndi mafumu akuonerera, ndi kumene kumautsa nthungululu, pakuti chikoka chimaonekera poyera koma ulemu susweka.

Funso la chimene chimachititsa kuti kuimba kopanda mawu kugwire mtima si la ku Chitipa kokha. Cha m'ma 1700 Bartolomeo Cristofori, ali ku Florence, anapanga piyano, limba lomwe mkati mwake muli tinyundo tomenya nsambo, ndipo chimene chinasiyanitsa chida chimenechi ndi malimba ambiri amene analipo kale n'chakuti kulira kwake kumakula kapena kuchepa molingana ndi mphamvu ya chala, kotero kuti womvera amamva dzanja la munthu m'kati mwa nyimbo. Woimba ing'ina amachita zomwezo popanda tinyundo: akamenya ndi chikhatho pakati pa chikumba ng'oma imagunda mpaka kumveka m'chifuwa, akamenya ndi zala m'mphepete imalira mopyapyala, ndipo akatsindika chikumbacho ndi dzanja lina kulirako kumatsamwa. Katswiri amadziwanso kuchedwetsa kugunda kumene aliyense akukuyembekezera, phazi la wovina n'kutsala m'malere kwa kamphindi, ndipo akakutulutsa bwalo lonse limapumira limodzi. Luso limeneli sililembedwa m'buku, ndipo mwana amaliphunzira pokhala pafupi ndi oimba mpaka tsiku limene amupatsa kang'oma kakang'ono.

Kusowa kwa mawu kuyenera kuti kunathandizanso guleyu kudutsa malire a mitundu, popeza Mlambya kapena Mtumbuka safunika kudziwa Chisukwa kuti alowe mumzere. Sukulu za pulayimale zinamulandira, ana akumavina pa mipikisano ndi pa masiku a zikondwerero za dziko, ndipo mu 2018, pa msonkhano wa ku Port Louis m'dziko la Mauritius, bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kwa anthu onse, pomwe panali kale vimbuza, gule wamkulu ndi tchopa. Ulemu umenewu sungasunge guleyu pawokha, makamaka masiku ano pamene maukwati ambiri amadalira zimkuzamawu, chifukwa ng'oma yojambulidwa siona wovina ndipo singamudikire. Sukulu zimene zikuphunzitsa ana mapazi a mwinoghe zikuyenera kuphunzitsanso osema, owamba ndi oimba ng'oma zake.