Giorgi: Dzina la Mlimi M'nyumba za Mafumu

M'dziko la Georgia, lomwe lili m'tsinde mwa mapiri a Caucasus, dzina lofala koposa pakati pa amuna ndilo Giorgi. Mwini dziko akamva dzinali amaona m'maganizo mwake msilikali wokwera pa kavalo, mkondo uli m'manja, akubaya chilombo. Komatu chiyambi chake sichili ku nkhondo ayi.

Dzinali linachokera ku Chigriki, Georgios, ndipo m'kati mwake muli mawu awiri: nthaka ndi ntchito. Giorgi ndiye kuti mlimi, munthu wa khasu.

Linakwera mapiri amenewa pamodzi ndi Chikhristu. Georgios Woyera anali msilikali wa Aroma amene anaphedwa cha m'ma 303, m'masiku a mfumu Diocletian, chifukwa chokana kutaya chikhulupiriro chake. Patapita zaka zowerengeka, mayi wina, Nino Woyera, anatembenuza mtima wa mfumu Mirian, ndipo dziko linalandira ubatizo. Mwambo wa Mpingo wa kumeneko umati Nino anali mbale wake wa msilikali uja. Mpaka lero, pa 23 November, anthu amachita chikondwerero cha Giorgoba pokumbukira mazunzo ake.

Kuyambira pamenepo dzinali linalowa m'nyumba za amonke ndi za mafumu zomwe. Giorgi wa ku phiri la Athos, amene anamwalira mu 1065, anatha moyo wake akumasulira ndi kukonza mabuku oyera m'chinenero cha kwawo. Giorgi V anamasula dziko m'manja mwa Amongolo. Giorgi XII, mfumu yotsiriza ya Kartli ndi Kakheti, anatsikira kumanda mu 1800, ndipo chaka chotsatira Russia inameza ufumu wake. Mipando yachifumu inatha, koma dzina linatsalira m'makomo mwa anthu wamba, ndipo ngakhale ulamuliro wa Soviet, umene unatseka matchalitchi ambiri, sunathe kulizula.

Apa pali chotiphunzitsa. M'Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 15, mawu achigriki omwewa, georgos, ndiwo amene Ambuye amatchulira Atate awo pokamba za mpesa. Tsono ulemerero wa dzinali suli pa mkondo kapena pa chisoti chachifumu, koma pa kupirira kwa wolima, amene amakwirira mbewu m'nthaka nadikira mvula. Msilikali uja anabzala magazi ake, mmonke anabzala mawu.

Makolo onyamula khanda kupita nalo ku ubatizo ayenera kudzifunsa: kodi dzina timupatsali tikulidziwa tanthauzo lake, ndipo tidzamuphunzitsa kulilimira?