Kodi Kapenta wa ku Siavonga Anacokera Kuti?

Inu acinyamata anzanga, ambiri a inu mumadya kapenta kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo amene munaphunzira ku masukulu ogonera komweko munamudya mpaka kutopa naye. Pamsika mumadziwa kusiyanitsa wa ku Mpulungu, wamkuluko uja, ndi wa ku Siavonga, wamng'ono. Koma kodi mudziwa kuti pamene agogo anu anali kubadwa, kapenta wa ku Siavonga kunalibe? Ngakhale nyanja imene amagwidwamo kunalibe. Pamene lero pali madzi a Kariba panali midzi, minda, manda ndi nkhalango, mtsinje wa Zambezi ukuyenda pakati pake. Nyanjayo anaipanga ndi anthu, ndipo zamoyo zambiri za m'menemo, kapena zozungulira pamenepo, zinafikapo cifukwa munthu wina analamula kuti zikhale pamenepo.

Nkhani iyambira mu 1955. Masiku amenewo dziko lathu linali Northern Rhodesia, lomangidwa pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'citaganya ca Federation. Migodi ya kopa ku Copperbelt inafuna magetsi ambiri, mafakitale a ku Salisbury nawonso cimodzimodzi. Azungu a kuno anafuna kuti damu limangidwe pa Kafue, koma boma la Federation linasankha mpata wa Kariba, pamene Zambezi amapanikizika pakati pa mapiri. Pulani analemba ndi André Coyne wa ku France, ndipo nchito yomanga inapatsidwa kwa kampani ya ku Italy yochedwa Impresit. Mtsinje sunagonje msanga. Mu 1957 unasefukira, mu 1958 unasefukiranso koposa, nukokolola milatho ndi zipangizo. Atonga anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Anchito 86, akuda ndi azungu, anafera pa nchitoyi. Komabe cipupa ca mamita 128 kutalika cinaima, mtsinje unatsekedwa mu Disembala 1958, ndipo madzi anayamba kubwerera m'mbuyo. Anakwera kwa zaka zisanu kufikira mu 1963, pamene nyanja inadzala, yotalika makilomita oposa 200.

M'cigwa cimeneco munali anthu. Atonga a ku Gwembe anali kulima m'mphepete mwa mtsinje, pa nthaka imene madzi osefukira anali kuinonetsa caka ndi caka, kotero kuti ambiri anali kukolola kawiri. Anthu okwana 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anauzidwa kuti asamuke. Ambiri sanakhulupirire kuti cipupa comangidwa kutali cingabweretse madzi pakhomo pao, ndipo ndani angawadzudzule? Mu Sepitembala 1958, pamudzi wa Chisamu m'dziko la Mfumu Chipepo, amuna anakana kukwera malole. Bwanamkubwa Sir Arthur Benson anabwera yekha, koma nkhani sinathe bwino. Apolisi anaombera mfuti, anthu 8 nafa. Otsalawo anatengedwa kupita ku Lusitu, kumunsi kwa damu, kudziko louma la anthu ena, kumene ambiri, makamaka ana, anamwalira ndi matenda m'miyezi yoyambirira. Abale amene kale anali kuyenderana ndi bwato kuoloka mtsinje anapatulidwa ndi nyanja yaikulu.

Koma nkhani imene inamveka m'manyuzipepala a ku Ulaya ndi ku America inali ya nyama.

Madzi pokwera, nyama zinathawira pa zitunda. Zitundazo zinasanduka zisumbu, ndipo zisumbu zinali kucepa mlungu ndi mlungu. Nswala, njiri, mbawala ndi ngoma zinadya udzu wonse, kenaka makungwa a mitengo, mpaka kuoneka nthiti. Anyani ndi apusi anakakamira pa nsonga za mitengo madzi ali m'munsi. Cisumbu cina cinapatsidwa dzina lakuti Starvation Island, ndiko kuti cisumbu ca njala, ndipo dzinali lilipo mpaka lero. Tsono oyang'anira nyama za m'chire anayamba nchito yopulumutsa imene inachedwa Operation Noah. Kutsidya inatsogoleredwa ndi Rupert Fothergill, ndipo kuno kwathu kunalinso gulu lina, laling'ono ndi losauka zipangizo. Anali ndi maboti owerengeka cabe, maukonde, zingwe ndi manja ao.

Tayerekezani mmene nchitoyo inali kucitikira. Amuna anali kutsika pa cisumbu, kuima mzere, ndi kupirikitsa nyama ndi phokoso kuti zilowe mu ukonde kapena m'madzi. Nyama ikalowa m'madzi, a m'boti anali kuilondola, wina nalumphira ndi kuigwira makutu kapena nyanga, ng'ona zili m'madzi omwewo. Njiri ili ndi mano ong'amba mwendo, nungu sagwirika ndi manja, ndipo njoka zaululu zinali kugwa kucokera m'mitengo kugwera m'boti. Zingwe wamba zinali kutupula miyendo ya nyama, cotero anapempha azimai kuti atumize masokosi ao akale a nailoni. Masokosi anabwera mitolomitolo kucokera ku maiko akutali, ndipo anawaluka kukhala zingwe zofewa. Cipembere anali kucilasa ndi mankhwala ogonetsa, kucikokera pa phaka loyandama pa migolo, ndi kucikoka ndi boti mpaka kumtunda. Cina cinamuvulaza kwambiri Fothergill, koma atacira anabwerera ku nchito. Njovu zinali kusambira zokha, ndipo a m'boti anali kungozilozetsa njira. Kuyambira mu 1958 kufikira ca m'ma 1964, nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa. Zimene zinamira palibe anaziwerenga.

Ine ndimaiyamikira nchito imeneyi, cifukwa inafuna kulimba mtima kweni-kweni. Koma pali zinthu ziwiri zimene mabuku ambiri amazilumpha. Coyamba, ambiri mwa amuna amene anali kulumphira m'madzi anali anthu akuda. Fothergill ali ndi cisumbu ca dzina lake, koma iwowa pa zithunzi amangooneka opanda maina. Caciwiri ndi dzina lenilenilo la nchitoyo. Nowa wa m'buku la Genesis analowa m'cingalawa ndi banja lake lonse pamodzi ndi nyama. Nowa wa pa Kariba anali wa nyama zokha. Anthu a ku London anasonkha ndalama za mbawala, pamene ana a ku Lusitu anali kuikidwa m'manda popanda mtolankhani wojambula. Ndipo zipembere zija, zimene mbeu yao inakhazikika ku Matusadona kutsidya kwa nyanja, zambiri zinadzaphedwa ndi osaka nyanga m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990.

Tibwerere ku nsomba. Madzi asanafike, boma linaganiza zokonza malo oponyapo maukonde, cifukwa ukonde sukhalitsa pakati pa mitengo yomira. Anatenga mipira yacitsulo yotalika kuposa munthu, naimangirira ku unyolo wa sitima zapamadzi, ndipo mathirakitala akulu-akulu anali kuikoka m'nkhalango, mitengo ikugwa ngati mapesi. Anagwetsa mahekitala pafupifupi 100,000 ndi kutentha. Kumene sanafike, mitengo ya mopani inafera ciimire, ndipo ndiyo mumaiona pa makalendala, nkhwazi itatera pamwamba.

Zaka zoyambirira nsomba zinaswana modabwitsa, popeza phulusa, masamba ndi udzu womira zinanonetsa madzi. Kuno kwathu boma linatsegula sukulu ya usodzi ku Sinazongwe, ndipo poyamba ufulu wogwira nsomba unapatsidwa kwa Atonga okha. Anyamata amene makolo ao anali kudziwa mono ndi mkondo anaphunzira ukonde ndi boti lamatabwa, ena nagula ng'ombe ndi njinga, ena nalipirira ana sukulu. Pa zabwino zimene damu linabweretsa kwa eni cigwa, ici cinali cimodzi mwa zocepa zooneka ndi maso. Sicinakhalitse. Conde ca m'madzi citatha nsomba zinacepa, asodzi a ku zigawo zina analowamo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inapangitsa kuti kuyenda pa nyanja kukhale koopsa kufikira mu 1980.

Panalinso vuto lina. Nsomba za mu Zambezi ndi za mumtsinje, zokonda m'mphepete. Pakati pa nyanja, pa madzi akuya, panalibe nsomba yodya tizilombo tating'ono toyandama tija. Munali ngati munda waukulu wosabzalidwa. Akatswiri a boma anayang'ana ku nyanja ya Tanganyika, kumene kapenta amakhala pa madzi otere. Mu 1967 ndi 1968 anagwira tiana ta kapenta ca ku Mpulungu, natinyamula pa ndege m'zotengera zamadzi, natitsanulira mu Kariba ca ku Sinazongwe. Kapenta ndi nsomba yosacedwa kufa ikangokhudzidwa, cotero ambiri anaganiza kuti nchitoyo yapita pacabe. Umboni woyamba unapezeka m'mimba mwa mceni, nsomba ya mano ija imene azungu amaicha tiger fish: poitumbula anapezamo kapenta. Patangopita zaka zocepa anali atadzaza nyanja yonse. Ena anapyola pa damu, natsika ndi mtsinje, nakakhazikika ku Cahora Bassa m'dziko la Mozambique. Mu Kariba cakudya n'cocepa kuyerekeza ndi kwao, ndipo samakula ngati makolo ao. Ndiko kusiyana kuja mumakuona pamsika.

Kugwira kapenta kocita malonda kunayamba ca m'ma 1974 kutsidya, ndipo kuno kwathu nkhondo itatha. Amene munafikako ku Siavonga kapena ku Sinazongwe usiku munaona nyali zambiri pa madzi ngati tauni. Amenewo ndi marigi, maboti acitsulo okhala ndi jenereta ndi ukonde wozungulira. Amatsitsa ukonde pansi, nayatsa nyali pamwamba ndi m'madzi. Kapenta akasonkhana, amazimitsa za pamwamba kuti atsikire ku nyali ya m'munsi, ndiyeno amapukusa ukonde kukweza. Amathira mcere pomwepo, m'mawa nayanika pa thandala. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba. Ndi nchito ya usiku wonse, yozizira, ndipo mphepo ya pa Kariba imautsa mafunde otha kugubuduza boti.

Ca m'ma 1990 maiko awiriwa pamodzi anali kugwira matani pafupifupi 30,000 pa caka. Akatswiri atawerengera, maiko anapangana mu 1999 kuti marigi asapyole 500 pa nyanja yonse, 275 a Zimbabwe ndi 225 a Zambia. Panganolo linakhala pa pepala. M'zaka za m'ma 2010 marigi anapyola 1,000, ndipo oculuka anali a mbali yathu. Musafulumire kuloza cala kutsidya, anzanga. Rigi imene kale inali kubwera ndi matumba ambiri inayamba kubwera ndi owerengeka, ndipo pofuna kubweza ndalama za dizilo ena anayamba kulowa m'madzi osaya, oletsedwa, mmene kapenta amaswanirana. Madzi a nyanja nawonso atenthako kusiyana ndi kale, zimene zicepetsa cakudya cake. Mtengo wa pamsika umene amai anu amadandaula nawo ucokera kumeneko.

Nyanja imodzi yomweyo ili ndi eni ambiri osamvana. Alendo olemera amabwera ndi maboti okhala ngati nyumba kudzaona njovu ndi mvuu m'mphepete, ndipo kutsidya kuli mpikisano wowedza mceni umene unayamba mu 1962. Iwowa amadandaula kuti maukonde atha nsomba zao. Msodzi wa bwato amadandaula ndi ng'ona imene imang'amba ukonde wake ndi mvuu imene imamugubuduza, nyama zimene lamulo limaziteteza. Onse awiri anena zoona, koma mmodzi akalephera amabwerera ku hotela, wina amagona ndi njala.

Ndipo anthu sanaleke kuikamo zamoyo zatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunaoneka zonga nkhanu zocokera ku Australia, zochedwa crayfish, zimene zinapulumuka kwa ozisunga. Tsopano zili ponse-ponse, ndipo zimadya nsomba zokodwa mu ukonde msodzi asanafike. Nsomba ya tilapia ya ku Nile, imene makampani amaweta m'zikwere zoyandama ca ku Siavonga ndi kugulitsa m'matauni athu, nayonso inafalikira m'nyanja. Imakula msanga ndipo yapatsa acinyamata ambiri nchito, koma yalanda malo a tilapia ya mtundu wa m'cigwa momwemo, imene Atonga anali kugwira mu Zambezi damu lisanamangidwe. Imeneyo tsopano ili pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.