Kudontha kwa Oyilo pa Magalimoto Akale a MG

Magalimoto othamanga a MG, opangidwa ku Abingdon m'dziko la England, ankadziwika ndi kudontha oyilo. Pa injini ya MGA, yomwe inatuluka mu 1955, kumbuyo kwa crankshaft kunalibe labala wotseka. Anangogobapo kangalande kozungulira ngati mazinga a bawuti, kobweza oyilo m'kati injini ikamalira. Zitsulo zikadyeka, oyilo ankapeza potulukira. Labalayo anabwera mu 1964, pa injini ya MGB ya mabeyaring'i asanu.

Pofuna kupeza podontha, amakaniko ankatsuka injini ndi palafini, n'kuwaza paudala, kenako n'kuiliza. Mzere wakuda ankaulondola chokwera, poti oyilo amatsikira pansi ndipo mphepo imamukankhira kumbuyo. Kawirikawiri vuto linkapezeka pamwamba penipeni, pa gasiketi ya chivundikiro cha mavavu. Masiku ano amathira mu oyilo utoto womwe umawala akaunika ndi nyali ya ultraviolet.