Mungu nawonso ndi gwero la mbiri

Anzanga aphunzitsi, tikamaphunzitsa magwero a mbiri timatchula zolembedwa, nkhani za akuluakulu ndi zofukula pansi, basi. Ine ndikuti tiwonjezepo mungu, ufa wachikasu uja umagwa ku ngayaye za chimanga. Chikamba cha kanjere ka mungu n'cholimba kwambiri. Kakagwera m'matope kamatha kukhala zaka mamiliyoni osawola, ndipo pa maikulosikopu mungu wa mbewu iliyonse umaoneka mwakemwake.

Chitsanzo chake tili nacho pafupi. M'nkhalango za m'mapiri athu mumamera mtengo wotchedwa Trichocladus ellipticus. Mu 1897 katswiri wa ku Kew ku London, J. G. Baker, anatcha mtundu wathuwu malosanus, kutengera phiri la Malosa ku Zomba. Banja lake ndi Hamamelidaceae, limene pa Chingerezi amati witch hazel, ndipo ndi banja lobalalika modabwitsa: abale ambiri ali ku China, ena ku America, ena ku Madagascar, ena ochepa ku Queensland ku Australia. Mitengo siyenda, nanga inafika bwanji?

Yankho lili m'miyala. Ku Sweden anapeza timaluwa ta banjali ta zaka zoposa 80 miliyoni, nthawi ya madayinaso. Mungu wakale ukuonetsanso kuti mitengo ngati Parrotia inkamera ku Ulaya. Nyengo zozizira za zaka 2.6 miliyoni zapitazi zinaifafaniza kumeneko, koma inapulumuka kumpoto kwa Iran. Ndiye kuti banjali linali ponseponse, ndipo zimene tikuona lero n'zotsalira chabe. Mtengo wa ku Malosa ndi mmodzi mwa opulumukawo.

Njira yomweyi yagwira ntchito kwathu kuno. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope a zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa, nyanja n'kuphwa mamita mazanamazana. Kale chilala chikatha nkhalango zinkabwerera. Koma kafukufuku wa 2021, wolumikiza matopewa ndi zofukula za ku Karonga, anapeza kuti zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula inabwerera koma nkhalango ayi. Mungu wa mitengo ya m'nkhalango unachepa, makala n'kuchuluka. Ofufuzawo akuti anthu ndiwo ankatentha tchire. Kwa ine iyi ndi mbiri ya anthu yeniyeni, si ya Biology yokha ayi.

Ana anga akale a ku Chileka ndi ku Lirangwe, njinga za makala zolowera ku Blantyre m'bandakucha mumazidziwa bwino. Madambo athu nawonso akusunga zawo chaka ndi chaka. Amene adzaboole matope ake adzapeza mungu wa msuku ndi mombo pansi, ndipo pamwamba pake wa chimanga ndi bulugamu, wosakanikirana ndi makala.